Mphini Zimene Zinatsukika pa Chimbale

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amayi anga aakulu, a Fanesi, kuno kwathu kufupi ndi Limbuli. Patha chaka chiwagonekereni. Ndikuthokoza Mulungu kuti mvula inatilekerera, alendo anadya, ndipo aliyense anabwerera kwawo ndi mtendere. Anthu atabalalika ndinati ndilembe za mayi ameneyu, kuti ana athu asadzangomudziwira pa dzina la pasimenti. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaona ndi maso anga ndizinena.

A Fanesi anali akulu awo a mayi anga ondibereka. Mayi anga atatisiya, ine ndili ndi khanda kumsana, iwo ndi amene anatigwira tonse. Sindinganame kuti anali munthu wofatsa. Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo akakwiya Chichewa chinkawathera, n'kuyamba kukukalipira m'Chilomwe mpaka nkhuku kubalalika pabwalo. Koma mkwiyo wawo sunkagonera. Amene wakalipiridwa m'mawa, masana ankalandira mbale ya kalongonda yovundikira bwino, popanda mawu.

Ntchito yawo inali ya pamsika, kugulitsa nandolo ndi makaka. Chinthu sankachikhulupirira asanachigwire. Nandolo ankayamba amuluma. Nsalu, imene iwo ankaitchula kuti kapulana monga anthu a kutsidya kwa malire, ankaifikisa pakati pa zala kuti amve ngati ili yolimba. Ngakhale bambo a Mphatso, tsiku limene anabwera kudzandifunsira, anawagwira zikhatho kuti amve ngati khasu amalidziwa. Fodya wa m'mphuno sanasiye mpaka imfa, ngakhale akulu a mpingo anayesetsa. Kabotolo kake ankakabisa mumpango, ndipo ankati Mulungu akudziwa pamene kali, amene sakudziwa ndi a dikoni okha.

Munthu wowaona koyamba ankayamba waona mphini. Anali ndi timizere takuda pamasaya onse awiri, totsetsereka chakukamwa, ndi tina pamphumi tokumana ngati phazi la mbalame. Anawatema ndi agogo awo amene anachokera ku Mozambiki, n'kupakamo makala, iwo ali namwali. Amayi awo analinso ndi zomwezo. Mayi anga anabadwa mochedwa, banja litalowa kale mpingo, ndiye sanatemedwe. Pa mtundu wathu wonse, a Fanesi ndi amene anali omaliza kukhala nazo.

Tsiku lina tikusenda chinangwa ndinawafunsa ngati sankadandaula nazo. Anati ayi, chifukwa tsiku louka kwa akufa anthu adzachuluka kuposa pamsika, ndipo amayi awo adzawazindikira ndi zimenezi.

"Koma amayi," ndinatero, "Mulungu amatidziwa tonse popanda zizindikiro."

"Mulungu inde, make Mphatso. Koma amayi anga si Mulungu. Anafa maso atafooka."

Ndinaseka, iwo osaseka. Anapitiriza kusenda.

Kujambulidwa sankakukonda. Chithunzi chawo chenicheni chinali chimodzi, chimene anawajambula bambo wina woyenda pa njinga m'midzi, chaka chimene anafolera nyumba ndi malata. Wojambulayo anaima patali kuti denga lioneke. Iwo anamuitana: "Sendera kuno. Malata sadzakhala ndi adzukulu." Ndiye anawajambula pafupi, kuyambira pachifuwa, ataima pakhomo, mphini iliyonse ikuoneka. Masiku amenewo wojambula akatenga filimu ankati akupita kukatsuka zithunzi. Tonse tinkatero, ndipo palibe amene ankaganiza za madzi kapena litsiro. Kutsuka kunali kutulutsa chithunzi papepala, basi.

A Fanesi anabereka mwana mmodzi, achimwene a Layisoni, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito n'kukwatira komweko. Atabadwa mwana wawo wamkazi, Thoko, anaimba foni kuti tiwatumizire zithunzi za pabanja, mwanayo akamakula aziona kwawo. Anati tisatumize mapepala, angatayike panjira. Tikaike zonse pa chimbale, chija ena amati sidi, tipatsire munthu wa pa basi.

Ndinasonkhanitsa zithunzi zonse za m'alubamu, ndi cha a Fanesi chimene ndinachita kupempha mogwada, n'kupita nazo pa shopu ina pa Limbuli. Mwini wake anali a Yona, munthu waulemu, amene ankaika nyimbo ndi mafilimu pa zimbale. Anali ndi kabokosi ka galasi kokhala ndi chivundikiro. Chithunzi ankachigoneka pagalasipo chafufumimba, kuwala n'kudutsa pansi pake, kenaka n'kuonekera pa kompyuta.

"Zina zakalamba izi, mayi," anatero akuzitembenuza. "Ndizitsuke bwinobwino?"

"Tsukani ndithu, ntchito ndi yanu."

Ine ndinamva kutsuka kwathu kwakale kuja. Iwo ankanena kutsuka kwina.

Anatipangira zimbale ziwiri. China chinakwera basi ya ku Joni tisanachione n'komwe, china chinatsala kuno. Lamlungu masana, titaweruka ku tchalitchi, tinapita kukachionera kwa Abiti Amidu, mayi wa Chisilamu woyandikana ndi a Fanesi, amene mwana wawo anawagulira kanema ndi dividi zoyendera batire. Awiriwa anakhala moyandikana kuyambira ali atsikana, ndipo anakangana moyo wawo wonse pa nkhani imodzi, ya nkhuku za Abiti zimene zinkajompha chilichonse chimene a Fanesi ayanika. Koma wina akadwala, woyamba kufika ndi phala anali mnzakeyo.

Zithunzi zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Ukakhala patali zinkaoneka bwino. Ukasendera, nkhope zinali ngati ukuziona kudzera mu utsi. Chithunzi cha mayi anga, chimene papepala chinkaonetsa mpaka mpata wa m'mano, apa maso anali madontho awiri akuda. Maluwa a pa nsalu anali atasakanikirana ngati nsalu yosuluka. Kenaka panabwera mayi wina ataima pakhomo, nkhope yosalala, yopanda khwinya, yopanda mzere.

"Ameneyu ndiye ndani?" anafunsa a Fanesi.

"Ndinu, amayi."

"Nsaluyo ndi yanga. Chitsekocho ndi changa. Koma mayiyo sindikumudziwa."

Abiti Amidu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iii, a Fanesi, akukonzani! Mwasalala ngati dzira. Chaka chino mupeza banja ndithu."

"Khalani chete inu. Pitani mukaseke ndi nkhuku zanu zakubazo."

M'mawa mwake anandiitanitsa, tinakwera kabaza mpaka pa Limbuli. Analowa m'shopu muja osapereka moni, n'kuika chimbale pathebulo, pambali pake chithunzi cha pepala. A Yona anayang'ana pepala, n'kuyang'ana nkhope ya munthu amene waima pamaso pawo, pakamwa n'kutseguka.

"Anganga, pepani. Ndinaona timizere kumasoku, ndinayesa kuti pepala linakalika ndi kukalamba. Ndiye ndinafufuta kuti muoneke bwino."

"Wafufuta."

"Eya. Komanso zonsezi ndinazichepetsa, kuti kompyuta isachedwe. Timatero kawirikawiri, anthu sadandaula. Kungoti chithunzi ukachichepetsa, tinthu ting'onoting'ono timatayika. Makwinya, maso, maluwa a pa nsalu."

"Nanga bweza."

"Za pachimbalepa sizingabwerere, anganga. Mukati muchikulitse chimangosanduka timabokosi. Pokhapokha titayambiranso ndi pepalali."

A Fanesi anaweramira pathebulo paja, n'kugwira chala cha a Yona, n'kuchiyendetsa pa tsaya lawo kuyambira m'mwamba kutsika.

"Wamva? Ndi litsiro ili? Tsuka tione. Abusa ananditsira madzi a ubatizo pamphumi pomwepa, sizinachoke. Ndasamba zaka zonsezi ndi sopo, ndi mwala, sizinachoke. Iwe wachotsa utakhala pampando, ndi chala chimodzi."

A Yona sanatsutse. Anapepesa, n'kunena kuti abwereza. Koma a Fanesi anakana kusiya pepala lija m'manja mwa munthu. Analiika okha pagalasi, chivundikiro n'kugwirizira okha. Ulendo uno makina anayenda pang'onopang'ono, chifukwa a Yona anawatchera kuti atole chilichonse. Anthu ofuna nyimbo anayamba kung'ung'udza pakhomo, iwo n'kuwayankha m'Chilomwe, onse phee. Chithunzi chitatuluka anauza a Yona kuti achikulitse, ndipo anafananiza mphini iliyonse, dzanja lina pa galasi la kompyuta, lina pa nkhope yawo. Atakhutira anati, "Eya, ndabwera." Potuluka anawasiyira a Yona nandolo wa m'kathumba, amene a Fanesi anachoka naye kunyumba. Ndiye kuti pochoka anali atadziwa kale kuti akawakalipira, ndiponso kuti akawakhululukira.

Panjira anandiuza kuti a Yona anachita ngati munthu wopeta mpunga amene wataya mpunga n'kusunga mankhusu. Ndipo zaka zotsatira, ataona chithunzi chosalalacho chikuyenda m'mafoni a achibale, uyu kutumizira uyu, chikunka chizimiririka, ankati chili ngati thobwa limene nyumba iliyonse ikuthirako madzi.

Chithunzi chabwinocho a Yona anatiikira pa chimbale chatsopano, ndipo tinachitumizanso ku Joni. Patapita masabata achimwene a Layisoni anaimba, ine nditagwirizira foni pakhutu pa amayi awo.

"Amayi, chalandiridwa. Koma choyamba chija ndiye chabwino. Mukuoneka aukhondo. Ndachitsukitsa, chili pabalaza."

Ndinadikira Chilomwe. Sichinabwere. Anangoti, "Chabwino, mwananga, moni kwa apongozi," n'kukankha foni. Anakhala nthawi yaitali akusankha nandolo m'lichero. Kenaka anandiuza kuti achimwene ali ku sekondale yogonera komweko anawapempha kuti tsiku loona ana asamapite iwo, azipita mayi anga, chifukwa anzawo ankawaseka kuti mayi wawo ndi wolembalemba kumaso. Nkhani imeneyi anainena kamodzi kokha, ndipo sanainene modandaula. Anainena ngati akunena za mvula ya chaka china.

Tsiku lomwelo anatenga chimbale choyamba chija, n'kupisa chingwe pa bowo lake, n'kuchimangirira pa mtanda wa khonde, pamwamba pa malo amene ankayanikapo makaka.

"Mayi wachilendoyu agwireko ntchito," anatero. "Aziopseza nkhuku za Abiti."

Ndipo chinkaopsezadi. Mphepo ikawomba chinkazungulira n'kumathwanima, nkhuku n'kuthawa. Abiti Amidu anadandaula kuti nkhuku zawo zasiya kuikira chifukwa cha mantha, mkangano n'kupeza mutu watsopano.

Ali pakhonde pomwepo anandipatsa mawu amene ndinawasunga. "Make Mphatso, ndaona masiku ano anthu akumaika nkhope ya womwalira pa nsalu. Ine ndikadzapita, ngati mudzafune kutero, idzakhale yanga. Yotsukayo mudzaisungire maliro a mwini wake."

Chimbale sindikuchinyoza konse ayi. Chaka cha namondwe uja, madzi atatsika m'phiri n'kugwetsa khoma la nyumba yanga, alubamu yonse inapita ndi matope. Lero nkhope ya mayi anga ndimaionera pa foni, yochokera pa chimbale choyamba chija chimene chinapita ku Joni, ya maso a madontho ija, ndipo ndimathokoza Ambuye ngakhale pa chochepacho. Koma ndimadziwa kuti mpata wa m'mano uja ana anga sadzauona. Chithunzi cha a Fanesi chokha ndi chimene chinapulumuka, chifukwa chichokereni kwa a Yona sichinachokenso m'manja mwa mwini wake. Anachikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga, n'kumachimangirira m'chiuno pamodzi ndi kabotolo kena ka fodya.

Anadwala mwezi wa zokolola, osati nthawi yaitali. Anamwalira m'mawa, Abiti Amidu atawagwira dzanja lina, ine lina, tikupemphera aliyense m'njira yake. Ndinali m'gulu la amayi owasambitsa. Pomasula nsalu ya m'chiuno ndinapeza kapulasitiki kaja, ndipo ndinakasunga. Nkhope ndinaisambitsa ndine. Mphini zinali pomwepo, zakuda bwinobwino. Achimwene anafika maliro ali pafupi kunyamuka, ndiye za nsalu panalibe nthawi.

Nkhani inadzuka mwezi wathawu, pokonzekera chiliza. Achimwene a Layisoni anabwera ndi Thoko, amene tsopano ndi namwali wamtali, ndipo aka kanali koyamba kuponda kuno. Mapepala a ulendo ankavuta chaka ndi chaka, mpaka agogo ake anapita asanaonane. Achimwene anati akufuna nsalu za chikumbutso, ndipo chithunzi ali nacho pa foni. Anandionetsa. Chinali chotsuka chija. Chimbale chabwino, anati, chinakalika posamuka nyumba, ndipo ngakhale chikanakhalapo, makina ochiwerengera ndani ali nawo masiku ano? Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye andipatse mawu osaswa banja, n'kuika kapulasitiki kaja m'chikwama.

Tinapita atatu pa Limbuli. A Yona alipobe, imvi zayamba, zimbale anasiya, tsopano amakonza mafoni ndi kukonzera anthu zithunzi zokadinda pa nsalu ku Limbe. Anatenga chithunzi cha pa foni ya achimwene n'kuchikulitsa pa kompyuta. Nkhope inasweka kukhala timabokosi, mphuno osadziwika pamene yathera. Anachiyang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa.

"Ichi si changa chija? Chikuyendabe? Bwana, ichi pa nsalu chidzangooneka ngati phala la mitundumitundu. Chadutsa m'mafoni ambiri. Pepala lija lilipo?"

Ndinalitulutsa. A Yona analilandira ndi manja awiri.

"Chabwino," anatero achimwene. "Jambulani limeneli. Koma timizereto mutsukeko pang'ono."

A Yona anayang'ana ine, n'kuyang'ana chala chawo. "Bwana, chala ichi chikukumbukabe."

Pamenepo ndinanena mawu amene anandisiyira amayi aakulu, monga anawanenera, osawonjezera. Achimwene nkhope inasintha.

"Achemwali, amayi ndi anga. Nsaluzi zipita mpaka ku Joni, anthu akazivala kumeneko. Ndikufuna amayi anga akaoneke bwino. Ndalakwa?"

"Simunalakwe, achimwene. Koma pepalali anasungitsa ine, ndipo mawu anasiyira ine. Likachoka m'manja mwanga kuti likatsukidwe, ndidzawayankha chiyani?"

Tinaima choncho, wina osafuna kugonja. Nthawi yonseyi Thoko anali pakhomo akuona msika. Atamva mawu akukwera analowa, n'kusuzumira pepala lija pathebulo. Chichewa chake ndi chodukaduka, koma tonse tinamva.

"Adadi, awa ndi ndani?"

Mwanayo anakula akuona mayi wosalala uja pabalaza, ndipo ankamutcha agogo. Anayang'ana bambo ake, n'kufunsanso ngati ndi achibale athu.

Achimwene anakhala pa benchi. Anatenga pepala lija, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona chala chawo chikuyenda pa tsaya la pachithunzipo, kuyambira m'mwamba kutsika. Anati ali mwana, akamadwala malungo, ankagona pamiyendo pa amayi awo n'kumatsata timizereto ndi chala mpaka tulo. Ananena zimenezi osayang'ana munthu.

"Awa ndi agogo ako, Thoko. Amayi anga ndi awa." Kenaka anapereka pepala kwa a Yona. "Musachotse kanthu. Ngakhale khwinya limodzi."

A Yona anatchera makina awo kuti ayende pang'onopang'ono. Chivundikiro ndinagwirizira ndine.

Loweruka nsalu zinavalidwa. Mphini zinatuluka zonse, za m'masaya ndi za pamphumi. Abiti Amidu, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anaibweretsa nsalu pafupi ndi maso, n'kuifikisa pakati pa zala monga ankachitira mnzawo.

"Eya," anatero. "Awa ndiwo ankanditukwanira nkhuku." Atatero anadziphimba nayo kumaso, ndipo tinawasiya alire.

Thoko watenga nsalu ziwiri. Wandifunsa mafunso ambiri za mphini, ena ndayankha, ena amene akanayankha ndi amene tawaikira chilizawo. Pepala ndalibwezera m'kapulasitiki kake, lili m'Baibulo langa.

Dzulo ndinapita kukasesa kunyumba kwa a Fanesi. Pakhonde, pamene ankakhala, dothi ndi losalala ndi lolowa pang'ono, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene ankatsamira msana. Lichero lili pa msomali. Chimbale chija chikulendewerabe pa mtanda, chingwe chachita kuda, siliva wake wayamba kusupuka m'mbali. Achimwene anachiona tsiku lonyamuka, anafunsa kuti ndi chiyani, ndinawauza. Anaima pansi pake kanthawi, n'kunena kuti chisiyeni pomwepo. Mphepo ikatsika m'phiri chimazungulirabe, kuwala n'kumathamanga pansi ndi pakhoma. Koma nkhuku za Abiti zinachizolowera. Zimakwera pakhonde, n'kumapalasa pamalo osalala paja, ndipo palibe amene amazikalipira m'Chilomwe.